Chiwondo Sachapa

M'chaka changa chachiwiri cha uphunzitsi, kusukulu kwathu kunafika kalata yochokera ku boma. Inati pa chikondwerero cha ufulu ana athu akaonetse sewero la mmene makolo ankakhalira kuno kunyanja azungu asanabwere, ndipo zovala zake zikhale zenizeni. Liwu loti zenizenilo analilemba ndi zilembo zikuluzikulu n'kulidula mzere kunsi. Ahedi anawerenga kalatayo kawiri kenaka n'kuyang'ana ine, poti mphunzitsi wamkazi ndinalipo ndekha, komanso ndine ndinkaphunzitsa atsikana kusoka. Za anyamata sizinavute: chikopa cha mbuzi, uta, basi. Atsikana khumi ndi awiri anagwera ine.

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse, moti lero ndikaikumbukira ndimadziseka. Loweruka lililonse ndinkapalasa njinga m'midzi ya kwa Mwadzama kufunsa amayi achikulire zimene amayi awo ankavala. Ena ankathawira kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti ndadzaona makhadi a chipani. Ena ankandiyalira mphasa n'kundiuza za biliwita, nsalu yakuda yobwera ndi zombo za amalonda, imene ankaimanga m'khwapa mapewa ali pamtunda. Anandiuza za makoza amkuwa a m'manja, za chipini cha pamphuno, za tsitsi lodzola mafuta a nsatsi. Nditafunsa za mikanda ya m'chiuno, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Aphunzitsi, zimenezonso mukufuna mukaonetse a boma?" Ndinangotenga ya m'khosi.

Biliwita weniweni kunalibe. Ndinagula nsalu yoyera, n'kuiphika ndi makungwa, n'kuikwirira m'matope akuda a kudambo masiku atatu. Inatuluka bii, manja anganso bii kwa mwezi wathunthu. Mipendero ndinasoka pamanja, chifukwa agogo athu analibe makina. Zipini ndinasema za bango zomata ndi phula. Zonsezi ndinkazinyadira, koma ndinkadziwa kuti chachikulu chikusowa. Nsalu isanafike anthu ankavala chiwondo, chovala cha khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa. Nkhalamba ina inayesa kundisulira, koma chimene inabweretsa chinali chokanda moti ngakhale galu sakanagonapo. Chiwondo chenicheni ndinkachidziwa chimodzi chokha m'dera lonselo, ndipo chinali m'nyumba imene ndinakuliramo.

Ine anandilera azakhali anga, alongo awo a bambo, mayi anga atamwalira ndili wamng'ono. Ntchito yawo inali kuwamba nsomba n'kukagulitsa ku Dwangwa. Anali munthu wosanyengerera, wolankhula kamodzi. Kudenga kwa nyumba yawo kunkalendewera mtsuko wovundikira bwino, ndipo mmenemo munali chiwondo cha amayi awo, agogo anga amene sindinawaone. Agogo aamuna anachisula okha ndi khungwa la mombo chaka chimene anawakwatira. Chinali chofiirira, chofewa ngati khutu la mbuzi. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, azakhali ankachitsitsa, n'kuchipaka mafuta a nsatsi ndi chikhato, n'kuchiyanika pamthunzi. Asanachipinde ankachiika kumphuno nthawi yaitali atatsinzina. Ndili mwana ndinawafunsa chimene ankanunkhiza. Anati, "Amayi ali umu." Chithunzi cha agogowo kunalibe, ndipo manda awo nyanja inadya chaka china madzi atakwera.

Nditapita kukachipempha, sanadikire kuti ndimalize.

"Iwe, amayi anga akavine pamaso pa anthu a mataye? Analakwa chiyani?"

"Azakhali, ndi tsiku limodzi lokha. Ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti chiwondo n'chiyani."

"Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Sukulu yonse ija sanakuphunzitse zimenezi?"

Ndinabwerera katatu. Ulendo wachitatu ndinawachonderera mpaka misozi, ndikuti dzina langa likamveka ku boma, mwinanso andikweza. Apo mpamene ndinali wopusa kwenikweni. Iwo anandiyang'ana, nakwera pa mtondo, natsitsa mtsuko uja.

"Tenga. Koma umve bwino, mwana wa achimwene. Chisakhudze madzi. Chiwondo sachapa. Ukabweze mmene wachitengeramu."

Ndinalumbira, mpaka kunyambita chala n'kuloza kumwamba.

Kutatsala masiku atatu, kunabwera mayi wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu kudzayendera zokonzekera. Anali mkazi wa mwini golosale, wovala wigi ndi magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo. Anabadwira mudzi woyandikana ndi wathu, koma chipitireni ku Lilongwe kukavina pamsonkhano, ankalankhula ngati nyanja anangoimva pa wailesi. Anafika ndi rula m'manja. Nthawi imeneyo n'kuti lamulo la kavalidwe litangokhwima kumene: mkazi osavala buluku, chovala chibise mawondo. Atsikana anga anaima pamzere atavala zonse, iye nayamba kuwayeza mmodzimmodzi.

Mawondo anapambana mayeso. Mapewa ndiwo analephera.

"Aphunzitsi, ana awa ali maliseche. Avale mabulauzi oyera mkati."

"Mayi, kale kunalibe mabulauzi. Kalata ija inati zenizeni."

"Zenizeni, inde, koma zaulemu. Nanga mapaziwa? Alendo akaone zikang'a? Avale nsapato. Ndipo timitengo ta pamphunoti muchotse, angatiyese otsalira."

Amene ankanena zimenezi, pamphuno pake panali kabowo ka chipini kamene anakatseka ndi paudala. Ndinakaona, ndipo iye anaona kuti ndakaona.

Kenaka anafika pa mtsikana wamtali amene ndinamuveka chiwondo. Anachigwira ndi zala ziwiri, nakwinya mphuno.

"Ichi ndiye chiyani? Chikununkha utsi ndi nsatsi. Vula, mwana iwe. Ndikachikonza kwathu."

Ndinalowererapo msanga. "Pepani mayi, chimenecho sachapa. Ndi cha azakhali anga, ndipo anandiuza kuti..."

Anavula magalasi aja. "Mukuti chiyani? Mukufuna mukauze alendo kuti makolo a dziko lino anali auve? Kodi mukunyoza?"

Amene sanakhaleko zaka zimenezo sangamvetse kulemera kwa liwu limenelo. Munthu akakunena kuti ukunyoza, ntchito inkatha tsiku lomwelo, ndipo ena ankatengedwa pa galimoto osabwerako. Ndinayang'ana ahedi kuti andithandize. Ahedi, bambo wandevu zawo amene ankagwedeza sukulu yonse ndi kukhosomola kokha, anali kalikiliki kuwerenga malata a kudenga. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma ine sanali manyazi. Anali mantha enieni, ndipo ndinachipinda ndekha chiwondocho n'kuchipereka ndi manja awiri, bondo lili pansi.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa mmodzi wa amayi amene wapampando anawatuma kukachichapa. Anapita nacho kunyanja m'mawa pamodzi ndi zochapa zina. Anachinyika, nachipaka sopo, nachimenya pamwala monga amachitira ndi bulangete. Madzi atafiira, wapampando anati limenelo ndiye litsiro la zaka zonsezi, menyaninso. Mayi wina wachikulire anayesa kunena kuti khungwa lakale silifuna zotere, koma anauzidwa kuti asaphunzitse anthu oyenda. Anachiviika m'buluu wochapira kuti chiwale, nachiyanika padzuwa la masana, namaliza ndi simbi yamakala. Safunsa anadya phula, koma uyu phula lake anadyetsa ine.

M'mawa wa chikondwerero chiwondo chinabwera m'beseni. Chinali chotuwa, chouma gwa, chong'ambika m'litali mwake malo asanu, pakati pali chipsera cha simbi. Ndinayembekeza kuti mwina mayiyo achita manyazi. Ayi ndithu.

"Zinthu zakale n'zosalimba," anatero. "Komabe zakhala bwino. Poyamba chikanavalidwa ndi mwana mmodzi, tsopano aliyense alandirako. Bweretsani sizasi."

Sizasi yake inali yanga, ya m'kalasi yosokera. Anadula timizere khumi ndi tiwiri, ndipo ine, ndi manja anga akuda ndi matope a kudambo aja, ndinamanga timizereto pamitu pa atsikana ngati maliboni.

Sewero linayenda. Makolo athu analowa m'bwalo atavala mabulauzi oyera ositidwa ndi nsapato zapulasitiki, akusinja mumtondo wopanda kanthu. Mlendo wolemekezeka wochokera ku boma, thukuta lili kamukamu m'jekete, anaimirira n'kunena kuti waona ndi maso ake kuti amayi a dziko lino anali aukhondo ndi odzilemekeza kuyambira kalekale. Anathokoza mayi wapampando chifukwa chofufuza mozama mbiri yathu. Nthungululu zinalira. Amayi achikulire aja amene anandiyalira mphasa anali pompo m'gulumo, akudziwa bwino lomwe kuti amayi awo sanavalepo bulauzi, koma nawonso ankaomba m'manja. Sindingawanene. Inenso ndinaomba, mwinanso kuposa onse, poti wapampando ankandiyang'ana.

Pomaliza ndinatolera timizere tija. Tinapezeka khumi ndi kamodzi. Kena mwana anakataya popita kukalandira fanta.

Ndinakhala sabata yathunthu ndisanapite kwa azakhali. Ndinapeka mabodza ambiri, loti mbava, loti moto, koma onse ankandithera m'kamwa. Loweruka masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutembenuza nsomba pa waya, maso ali psuu ndi utsi. Mbiri inali itawafika kale, chifukwa kwathu nkhani imayenda kuposa njinga. Sanandilonjere. Anapukuta manja pachitenje n'kutambasula chikhato.

Ndinagwada n'kumasula kansalu kamene ndinakulungamo timizereto. Ndinayembekeza kutukwanidwa, ndipo ndinkakufuna, chifukwa azakhali akakutukwana nkhani inkathera pomwepo. Koma iwo anangotenga kamzere kamodzi n'kukaika kumphuno, natsinzina monga ankachitira chaka ndi chaka. Anakasiya, natenga kena. Anatero ndi tonse khumi ndi kamodzi, mosafulumira, nsomba zikupserera pa waya.

"Sopo," anatero.

"Azakhali, ndinawauza. Anati ndikunyoza. Ndikanachotsedwa ntchito, kapena..."

"Ntchito ikadalipo?"

"Ilipo."

"Anakukweza?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nakulunganso kansalu kaja bwinobwino, nandibwezera m'manja.

"Pita nazo. Amayi mulibemo umu."

Anatembenuka n'kuyamba kuchotsa nsomba zopserera zija. Sanaitchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo. Ankandilandira, ankandipatsa nsomba popita, ana anga anawanyamula kumsana. Koma mtsuko uja sanautsitsenso. Unakhala kudenga wopanda kanthu, ndipo ndikalowa m'nyumbamo ndinkayenda chowerama ngakhale denga linali lalitali.

Mayi wapampando uja, zipani zitachuluka, anali woyamba kusintha nsalu, ndipo ndinamumvapo pamsonkhano wina akudandaula kuti ana amakono ataya chikhalidwe. Timizere tija ndikadali nato m'sutikesi. Chaka chilichonse mvula ikatha ndimatitulutsa n'kutipaka mafuta a nsatsi monga ankachitira azakhali. Fungo la sopo linatha kalekale. Ndikatiika kumphuno ndimangomva nsatsi zimene ndapaka ndekha.