Dzenje la Abambo pa Msewu wa ku Tete

Msewu umene umadutsa kwathu ku Mwanza ndi wa anthu ofunika. Umachokera ku Blantyre, n'kuwoloka Shire pa Zalewa, kenako n'kupatukira kumanzere kusiya wa ku Lilongwe. Ukatero umakwera ndi kutsika zitunda mpaka pa boma, n'kupitirira ku boda, ku Zobue, ku Tete, ndipo amene ali ndi pasipoti ndi msana wolimba umakawatula ku Joni. Ife a m'mbali mwake ntchito yathu yakhala yoonerera.

Agogo anga aamuna anaudutsa wapansi udakali wafumbi, popita kukafuna ntchito ku Halale, ndipo anabwerako ndi jekete ndi chifuwa. Abambo anga ndiwo anauona ukuthiridwa phula, ndipo matenda awo anayambira pomwepo. Nthawi imeneyo tinkakhala kumudzi kwa Kanduku, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale. Tinali ndi munda wa chimanga ndi mtedza, mbuzi, komanso mitengo ya manachesi yobereka mpaka nthambi kuthyoka. Tsiku lina abambo anapita ku boma kukagula chubu cha njinga, n'kubwerako ali munthu wina.

"Amayi, chitukuko chikudutsa pa phula, ife tili kuno kuweta nkhupakupa," anatero asanatsike n'komwe pa njinga.

"Nanga chikudutsacho chakuuzani kuti chiima?" anafunsa amayi.

Munda unali wa amayi, poti abambo anali mkamwini, choncho sakanaugulitsa. Anagulitsa mbuzi. Anapeza malo m'mbali mwa msewu, usanafike pa boma pochokera ku Zalewa, ndipo mwini malowo anawapatsa mosavuta, mwaulemu, mpaka kuwaperekeza. Abambo anati ndiye kudziwa kukambirana kumeneko. Anamanga tiyirumu ya njerwa zosaotcha, kuseri kwake n'kuikako zipinda zogona ife, ndipo tinasamuka.

Chifukwa chimene mwini malo anawaperekezera tinachidziwa mlungu woyamba. Tiyirumu yathu inali pakati penipeni pa mtsetse. Mathiraki ochokera ku boda ankatsika ali pa liwiro, mabuleki akulira, moti ngakhale dalaivala akanakhala m'bale wathu sakanaima. Opita ku boda ankakwera akubuula pa giya yoyamba, ndipo dalaivala wanzeru saima pa chitunda atasenza katundu. Abambo ankavala malaya oyera n'kuima pakhomo kuwabaibitsa. Ena ankaimba hutala. Hutala sagula tiyi.

Kenako nkhondo ya ku Mozambique inafika povuta. Magalimoto sankapitanso ku Tete paokha. Ankadikirana pa boda n'kunyamuka pamodzi ataperekezedwa ndi asilikali, ndipo pobwera ankadutsa pakhomo pathu mdipiti umodzi, nthaka n'kumanjenjemera, makapu n'kumagundana pa shelefu. Akatha, msewu unkangoti zii, nkhuku n'kumayenda pa phula. Makasitomala oyamba kuima pa tiyirumu yathu anali anthu othawa nkhondo, oyenda wapansi, mitolo pamutu, m'manja mulibe kanthu. Amayi ankawaphikira phala mu mphika umene abambo anagulira madalaivala. Mayi wina wolankhula Chinyungwe, yemwe mwamuna wake anatsala kutsidyako, anakhala nafe nthawi yaitali. Ndiye anaphunzitsa amayi kuphika buledi wa kwawo, wolimba kunja wofewa m'kati, amene iye ankamutcha pawu. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, n'kutisiyira uvuni wa dothi kuseri kwa nyumba.

Mtendere unabweretsa magalimoto ochuluka, onse odutsa. Mabasi a ku Joni anayamba kudutsa atakoka ngolo zodzaza mafiriji ndi matilesi. Abambo anaganiza kuti chosowa ndi mahampu ochepetsa liwiro la magalimoto. Anapita ku ofesi ina ku boma kukafotokoza kuti ana a sukulu ali pangozi. Ana analidi pangozi, kungoti abambo anawakumbukira chaka chimene shuga anakwera mtengo. A ku ofesi anawalandira bwino, kuwapatsa mpando, n'kuwauza kuti nkhani yawo yamveka ndipo ipita ku likulu. Iyenera kuti inapita wapansi. Tinkadya chifukwa amayi sanasiye kulima kumudzi, ndipo nyengo ya manachesi ankakagulitsa pa boma pamene mabasi amaima.

Zimene boma linalephera inachita ndi mvula. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikugulitsa zitenje pa msika wa pa boma, pamene phula linang'ambika kutsogolo kwa tiyirumu. Poyamba kanali kabowo kokwana mbale. Mathiraki anakakuza, madzi anakazamitsa, ndipo pofika mwezi wokolola linali dzenje loti mbuzi n'kugonamo osaoneka. Thiraki ina yochokera ku Zimbabwe inagweramo n'kuthyola masipulingi. Dalaivala wake anakhala pakhomo pathu kudikira zitsulo zochokera ku Blantyre, akudya pawu m'mawa, masana ndi madzulo. Atachoka anakauza anzake zinthu ziwiri: kuti pamtsetse paja pali dzenje lakupha, ndiponso kuti pali buledi. Mathiraki anayamba kutsika pang'onopang'ono ngati akupita kumanda, ndipo poti aima kale, madalaivala ankatsika kudzaona matayala n'kuitanitsa tiyi. Maminibasi ankalambalala dzenjelo podzera pakhonde pathu penipeni, anthu n'kumagula kudzera pawindo.

Abambo ananenepa. Anagula mabenchi atsopano ndi wailesi. M'mawa uliwonse ankapita kukaliona dzenjelo manja ali kumbuyo, monga mmene munthu amayendera dimba.

Tsiku lina ndili pomwepo, panafika amuna awiri ndi wilibala ndi mafosholo, aja amakwirira maenje ndi dothi n'kumatambasulira madalaivala dzanja. Abambo anatuluka supuni ili m'manja.

"Achimwene, mukutani pamenepo?"

"Tikukonza msewu, madala."

"Ndinu a boma inu? Munaphunzira kuti za misewu? Mukathira dothi lanulo galimoto n'kuterereka, mlandu ukhala wa yani?"

"Koma madala, anthu akuvutika."

"Ovutika ali kutsogoloko, pafupi ndi mlatho pali maenje amasiye ambirimbiri. Ili lili ndi mwini wake."

Anawapatsa pawu mmodzi mmodzi, amunawo n'kukankha wilibala yawo kupita ku mlatho.

Chimene abambo sakanatha kuchithamangitsa ndi supuni chinali ulendo wa bwana wina wamkulu. Kunamveka kuti akubwera kudzayendera boda, ndipo mwadzidzidzi boma linakumbukira kuti ku Mwanza kuli msewu. Kunabwera lole ya phula ndi anthu ovala zipewa zachikasu. Pofika masana dzenje linali litatsekedwa ndi chigamba chakuda bii. Bwanayo anadutsa mawa lake, magalasi otseka, ndipo ndikhulupirira anakanena ku likulu kuti anthu a ku Mwanza amadandaula zopanda pake. Abambo anakhala pa benchi osayatsa wailesi. Anthu ankabwera kudzawapepesa, ena moseka, ena moona.

"Musadandaule, abambo," anatero amayi. "Mwaona kupyapyala kwa phula athiralo? Dikirani mvula."

Amayi sananame. Mvula yoyamba inanyamula chigamba chija ngati nkhoko za m'poto, ndipo dzenje linabwerera ndi ana ake. Kuyambira pamenepo zinkangotero: akatseka, bizinesi igwe, mvula ikagwa, idzuke. Abambo ankadziwa za kubwera kwa akuluakulu wailesi isananene, pongoona lole ya phula.

Atakalamba anakwera padenga kukakhoma lata limene mphepo ya mathiraki inakanganula, n'kugwa, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ku chipatala cha pa boma anati zimenezi n'za ku Blantyre. Tinawagoneka pa matilesi kumbuyo kwa pikapu ya mnzawo, ine ndi amayi titakhala m'mbali kuwagwirizira. Kuchokera pa boma kukafika pa Zalewa, palibe dzenje limene galimoto ija inaliphonya. Lililonse abambo ankalilandira ndi mfuu.

"Mayo! Dziko lanji ili? Anthu akubawa! Msewu wopita kunja kwa dziko ungakhale chonchi? Alibe manyazi?"

Titafika pamtsetse pathu dalaivala anayesetsa kulambalala, koma tayala lakumbuyo linalowamo ndithu. Abambo anakuwa mpaka anthu a pa tiyirumu anaimirira.

"Limenelo musalitukwane," anatero amayi akuwapukuta thukuta. "Ndi lanu lomwe."

Abambo anatseka maso. Titafika pa Lunzu anapempha madzi.

Anachira, koma anatsala oyendera ndodo, ndipo mtsetse uja sakanauthanso. Amayi anawatengera kumudzi kwa Kanduku, kumene galimoto imafika pakakhala maliro kapena kampeni. Tiyirumu anabwereketsa kwa munthu wina wogulitsa petulo wa m'zigubu wochokera kutsidya. Ndikapita kukawaona amandifunsa za ana anga mwachidule, kenako n'kufunsa ngati ku boma kwagwa mvula.