Zitsulo za Amayi Zinatsala ku France

Ndivomere pano pomwe, anthu asavutike ndi kufufuza: zitsulo zija ndinaziika ndine. Zinali za amayi anga, ziwiri, chilichonse cholemera makilogalamu anayi. Anazigula m'Januwale atalumbira kuti ayamba majimu, koma pofika Malichi ntchito yake inali yotsamiritsa chitseko cha kukhitchini kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Lachinayi madzulo, malume anga a Lameki akusamba, ndinazikulunga m'mathaulo n'kuzilonga pansi penipeni pa zikwama ziwiri za njinga yawo, china uku china uku kuti njinga isapendekeke. Sayansi ndinakhoza ine.

Chifukwa chinalipo. Chibwerereni ku Leicester, malume sangamalize chakudya osatiuza kuti ali mnyamata ankakwera chitunda cha kwathu ku Dedza ndi matumba awiri a kachewere pakaliya, osatsika. Dokotala atawauza kuti magazi akuthamanga, anagula njinga. Kenaka anapeza pa intaneti msewu wina wa ku France umene kale unali njanji, lero ndi wa njinga zokhazokha, ndipo ananditenga ngati mphatso yomalizira mayeso. Ine ndinkangofuna kuona ngati miyendo ya kachewere ija ikadalipo.

Lachisanu mamawa amayi anaima pakhomo pathu ku Wigston atavala gauni.

"Achimwene, Lolemba seveni koloko muli pa shifiti. Musaiwale."

"Ndingaiwale bwanji, achemwali? Sitima ya Lamlungu masana takwera basi."

Sizinali zoseka. Malume amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, manijala anali atawapatsa kale chenjezo limodzi, ndipo viza yawo inamangiriridwa pa ntchito yomweyo. Sitima ya pamadzi ya masana ikanatithawa, yotsatira inali yamadzulo, yofika ku England masitima a pamtunda atagona.

Za ulendo wopita sindinena zambiri, kupatula kuti ndi wotopetsa. Sitima mpaka London, kukankha njinga pakati pa anthu okwiya, sitima ina mpaka Newhaven, kenaka maola anayi pamadzi ndikudya tchipisi cha mapaundi asanu chozizira ngati mphuno ya galu. Pa masitepe a pa siteshoni malume ananyamula njinga yawo n'kuima pakati.

"Koma njinga za azungu n'zolemera bwanji?"

"N'chitsulo chenicheni, malume," ndinatero. Sindinaname.

Sakanazipeza. Pamwamba pake anali ataikapo zinthu zimene Mmalawi amanyamula paulendo koma osazigwira: jekete ya kutchalitchi, nsapato zake, ambulera, botolo la chiponde ndi Baibulo lalikulu.

Loweruka cha m'ma eyiti tinatuluka mu Dieppe. Msewuwo ndi wabwino, ndisaunamizire. Phula losalala, mitengo mbali zonse, ng'ombe zamawanga zonenepa ngati zimalandira malipiro, ndi timasiteshoni takale tokhala ndi maluwa m'mawindo. Galimoto ayi ndithu. Umangomva tcheni chako ndi mbalame. Inenso ndinkamva kupuma kwa malume kumbuyo kwanga, ngati munthu akupopa tayala.

Komabe moni sanasiye. Aliyense wodutsa, ngakhale wothamanga ngati mphepo, ankalandira "bonzhuu" wake, mpaka mpweya wotsala unathera m'moni. Vuto lina linali dzanja. Kwathu timayenda kumanzere, ku England kumanzere, ndiye pamsewu wopanda galimoto palibe chokukumbutsa kuti kuno n'kumanja. Agogo ena a kabudula wothina anatsala pang'ono kuwombana nafe, ndipo anayankhula zambiri m'Chifalansa.

"Akuti bwanji?" anafunsa malume.

"Akuti takulandirani."

Ku Neufchâtel tinadya buledi wautali ngati mpini wa khasu ndi tchizi wooneka ngati mtima, wonunkha ngati sokosi za mpira. Malume anadya thukuta likudontha kuchibwano. Makilomita makumi awiri otsalawo anatsika katatu, pamsewu wopanda chitunda chooneka. Poyamba anati ndi matayala. Kenaka anati mpweya wa ku France ndi wopyapyala. Pomaliza anangokhala pabenchi atagwira pachifuwa. Ine ndinkajambula ng'ombe kuti asaone mano anga. Tinafika ku Forges dzuwa likadalipo, iwo n'kugwera pabedi osavula nsapato.

Lamlungu cha m'ma seveni, tikumangirira katundu, foni inalira. Anali amayi, pa vidiyo, atamanga kale duku la kutchalitchi. Anawayang'ana malume kamodzi kokha.

"Achimwene, nkhopeyo yatani? Takondwa ali kuti? Mpatseni foni."

Ndinalandira.

"Iwe, tandionetsa njinga yako." Ndinaonetsa. "Kachikwama kamodzi? Malume ako anyamule katundu yense iwe ulipo? Ndinakulera choncho ine? Kwathu mwana akaona wamkulu wasenza amathamanga kukalandira. Landira pompano, ndikuona."

"Koma mami, kaliya yangayi…"

"Ndati landira!"

Ndikanakana bwanji? Ndinene kuti n'zolemera? Akanafunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndinamasula zikwama zija ndi manja anga n'kuzikoleka panjinga yanga, amayi akuonerera kuchokera ku Wigston.

Malume atangopalasa kawiri anakuwa. "Ndachira! Tako, tulo ndi mankhwala!" Chisangalalo chake chinali choti tisiye njanji ija tidzere m'midzi, tikaone mmene anthu amakhalira. Ndinawakumbutsa kuti kudoko amatseka geti leveni koloko. Anati nthawi ilipo yambiri.

Timisewu ta m'midzimo n'topapatiza, topanda galimoto ngati kuja, koma tili ndi zitunda zimene pa foni sizioneka. Ukakwera chimodzi, china chikukudikira. Mphepo ya kunyanja inkatiwomba kumaso. Ntchafu zinayamba kuyaka, chishalo chinasanduka mwala, ndipo tirigu amene dzulo lake ndinkamuyamikira ndinayamba kudana naye. Mudzi uliwonse unali tchalitchi, nyumba khumi ndi galu mmodzi, sitolo yotseka. Malume ankandidikira pamwamba akuimba nyimbo ya kwaya.

"Ana a ku England inu! Mumangodya pitsa!"

Itangokwana hafu naini, ndikutsika kachitunda kena, ndinamva kuti thwa! Bawuti ya kaliya yanga inaduka, kaliya n'kukhala patayala. Njinga inaima yokha. Chikwangwani chinali pomwepo: Dieppe, makilomita makumi awiri ndi awiri.

Malume anayang'ana wotchi, kenaka tayala. Nyimbo inatha.

"Tsegula. Titaye zina. Jekete, nsapato, chilichonse. Ntchito ikatha ndibwerera ku Dedza ndi jekete imeneyi?"

Anayamba kutulutsa okha. Jekete inagwera paudzu, ambulera pamwamba pake. Apa mpamene ndinaona kuti sewero lakula kuposa mwini wake.

"Malume, jekete musataye. Zotaya zili pansi, m'mathaulo."

Anavundukula thaulo loyamba. Anavundukula lachiwiri. Anaimika zitsulo zija pamsewu, zapinki, zikuwala padzuwa. Ndinayembekezera khofi. Iwo anangozinyamula n'kulunjika pageti la nyumba yapafupi, pamene mayi wina wokalamba ankathirira nyemba.

"Odi! Odi kuno!"

Ku France, anthuni. Koma mayiyo anabwera. Malume anawerama pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kuyamba kufotokoza ndi manja: njinga, kuthyoka, waya. Mayiyo ankayankha m'Chifalansa, iwo m'Chichewa, ndipo anamvana bwinobwino. Mayiyo anabwera ndi waya wa mpanda ndi pulayala. Malume anamupatsa zitsulo zija ndi manja awiri ngati akupereka nkhuku kwa apongozi. Mayiyo anaziyeza m'manja, anandiyang'ana ine, n'kuseka mpaka kutsokomola. Anakaziika pa lata la khola la nkhuku limene mphepo inkalikweza.

Kaliya malume anaimanga m'mphindi zisanu, mfundo zitatu, waya akumukoka ndi mano. Zikwama zonse anabwezera panjinga yawo.

"Kwera. Ukatsalira usandiitane."

Anthu inu, miyendo ya kachewere ilipo. Sindinaonepo munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu akupalasa chotero. Pa chitunda chomaliza, ine maso atachita mdima, ndinamva chikhatho pamsana panga. Ankandikankha ndi dzanja limodzi, lina lili pahandulo, osatsika. Tinalowa mu Dieppe tili kumanzere, basi ikutiimbira hutala, ndipo tinafika pageti bambo wa jekete yachikasu atagwira kale unyolo. Anayang'ana wotchi yake, anapukusa mutu, n'kutikodola kuti tidutse. Kumbuyo kwathu sikunalowenso munthu.

M'sitima tinagona pamipando ngati matumba. France atasanduka kamzere, malume anayankhula maso ali kudenga.

"Ukudziwa, dzulo pabenchi paja ndimaganiza kuti ndi mtima. Ndimaganiza kuti mawa ndimuuza bwanji mlongo wanga."

Ndinapita kukawagulira tiyi.

Lolemba seveni koloko anali pa shifiti, akuyenda ngati bakha. Mlandu wanga unazengedwa madzulo ake kukhitchini, woweruza amayi, mboni malume, loya palibe. Chigamulo: tchuthi chonse, Loweruka lililonse, ndizipita panjinga ku Spinney Hill kukatenga thumba la ufa la makilogalamu khumi ndi nyama ya mbuzi, basi osakwera. Komanso poti zitsulo zinatsala ku France, chitseko cha kukhitchini chikamenyeka amayi akuphika, woitanidwa kudzachigwira ndine.

Sindikudandaula. Ndinaphunzira kuti katundu amene walongera wamkulu amabwerera kwa iwe, makamaka ngati amayi ako ali ndi foni ya vidiyo. Koma onaninso mbali inayi: malume tsopano akudziwa kuti mtima wawo uli bwino, nkhuku za ku France sizikunyowanso, ndipo pa chakudya nkhani ya kachewere inatha. Masiku ano amanena za chitunda cha ku Dieppe, mmene anakankhira mwana wa mlongo wawo ndi dzanja limodzi. Sabata yatha ndinamva akuti zitsulozo zinali zinayi.