Telala Amene Ankangoti "Ndili Bwino"

Okondedwa awerengi, taganizirani. Bambo wina anaopa kuuza dokotala nkhani inayake kwa miyezi isanu ndi itatu, mpaka banja lake linatsala pang'ono kutha. Kodi tsiku limene anainena, inatenga nthawi yaitali bwanji? Sungani yankho lanu.

Bamboyu anali telala. Tsiku lina m'mawa mkazi wake, amene ankamuthandiza kusita ndi kuika mabatani, anaika chikwama chachikulu chapaulendo pa tebulo lodulirapo nsalu.

"Zipi yafa. Mundikonzere, ndikufuna ndikakhale kwa akulu anga," anatero mkaziyo.

"Mukabwerako liti, mayi?"

"Konzani zipi, bambo."

Telala anadziwa kuti ulendowu unali wosabwerera. Anafuna kulira, koma misozi sinabwere. Limenelo linali gawo la vuto lake.

Chaka chapitacho, mng'ono wake atamwalira, telala anadwala matenda ovutika maganizo. Ankakhala pa makina tsiku lonse osalowetsa ulusi pa singano, nsalu za anthu n'kumachita fumbi. Mkazi wakeyo ndi amene anamukokera kuchipatala, kumene anamupatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse. Patapita milungu ingapo, makina anayambanso kulira ndipo makasitomala anabwerera.

Koma mankhwalawo anabwera ndi mlendo wosaitanidwa. Chisoni chinachepa, koma chimwemwe nachonso chinazilala. Mwana wawo wamkazi atapeza ntchito, nyumba yonse inavina, iye anangoti "Zabwino," ngati akuwerenga nambala pa tepi yoyezera nsalu. Kuchipinda nako moto unazima. Chilakolako chinathawa, thupi linasiya kumvera. Atalephera kawiri katatu, manyazi anamugwira moti anayamba kupewa ngakhale kumukhudza dzanja mkazi wake. Mayiyo anaona kuti mwina wakalamba, kapena pali wina mwa amayi obwera kudzayesa madiresi.

Telala anakayikira mapiritsi, ndipo nthawi ina anawasiya mwakabisira kwa masiku anayi. Anamva chizungulire, anadula nsalu ya mwini molakwika, ndipo mtambo wakuda wa chisoni uja unayamba kusuzumiranso. Anabwerera ku mankhwala ali ndi mantha. Ankaona ngati asankhe chimodzi, thanzi lake kapena banja lake.

Mwezi uliwonse dokotala ankamufunsa kuti, "Mukupeza bwanji, bambo? Pali china chikukuvutani?" Koma dokotalayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wake. Zoterezi angazitchule bwanji pamaso pa mwana? Yankho linali limodzimodzi: "Ndili bwino, adokotala."

Zipi ija sanaikonze. Ankati za saizi imeneyo zasowa, chonsecho mu dilowa yake zinalimo zodzaza.

Tsiku lachitatu kunabwera mkwati kudzayesa suti, dalaivala wa malole, munthu wa chifuwa ngati chitseko. Atavala jekete, anaima chilili ngati mtengo.

"Lakhala bwanji?" anafunsa telala.

"Lili bwino, atelala."

"Takwezani mkono."

Mkono unakana kukwera. Telala anachotsa mapini pakamwa. "Achimwene, mkwatibwi akadzafuna kukukumbatirani, mudzamupatsa moni wa chigongono? Wasoka ndine, koma wavala ndinu. Mukapanda kunena pamene pakuthina, ndidziwa bwanji? Suti sititaya, timangomasula pang'ono."

Dalaivala anaseka. "Kunena zoona, m'khwapamu ndikumva ngati andigwira apolisi awiri."

Mkwati atatuluka, mkazi wa telala anaimika chitsulo chositira. "Ulaliki wokoma," anatero. "Anzanu mumawauza kuti anene pamene pakuthina. Nanga inu? Miyezi yonseyi ndimakufunsani, mumangoti muli bwino."

Telala anayang'ana chikwama chija. Kenako ananyamuka, n'kutseka chitseko cha shopu masanasana, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mayi, kulibe mkazi wina," anatero maso ali pansi. "Chiyambireni mapiritsi aja, thupi langa linangozizira. Mtima umakufunani, koma thupi silimva. Ngakhale kuseka kunandithawa. Ndimachita manyazi."

Mkaziyo anakhala pa mpando wa makasitomala. Kenako anagwira pakamwa. "Ndiye mayi uja wa diresi lofiira ndimadana naye pachabe? Mpaka ndinamuikira dala mabatani okhota!"

Iye anaseka uku misozi ikutsika. Telala sanathe kuseka, koma anamugwira dzanja.

Tsiku la kuchipatala anapita onse. Poopa kuti lilime lingamukanike, telala analemba vuto lake pa kapepala kolembapo miyezo ya makasitomala. Mkazi wake anatsala pa benchi panja, foni ili m'manja.

Dokotala anawerenga kapepalako ndipo sanaseke kapena kudabwa. "Bambo, zimenezi zimachitikira anthu ambiri amene amamwa mankhwala a mtundu umenewu, amuna ndi akazi omwe. Si kutha kwa chikondi. Mwachita bwino kunena, chifukwa pali zimene tingasinthe. Koma musadzawasiyenso panokha, tizichita pang'onopang'ono, limodzi."

Musaganize kuti zonse zinakonzeka mawa lake. Kusintha koyamba kwa mankhwala kunamupweteketsa mutu. Koma tsopano anali ataphunzira. Anabwerera, nanena pamene pankathina, ndipo dokotala anakonzanso. Mkazi wake anadikira, osamukakamiza, osamuseka.

Patapita miyezi iwiri, dalaivala uja anabwera ndi chithunzi cha ukwati, manja onse ali m'mwamba kusonyeza kuti jekete likulola. Telala anaseka mpaka anatsamira pa makina. Atatha, anadabwa kuti wasekadi. Za kuchipinda n'za eni ake. Ndingokuuzani kuti mkazi wake anayambanso kuimba akamasita.

Zipi ija anaikonza pomaliza. Chikwamacho chinapitadi kwa mlamu wake, koma munali zovala za anthu awiri, ndipo chinabwerako patatha masiku atatu.

Inu amene mukumwa mankhwala otere, ngati akuchotserani chisoni koma atenganso chimwemwe kapena mphamvu za m'banja, simuli nokha ndipo simunalakwe. Musawataye mwakabisira, musabisire mnzanu wapamtima, musamangoti muli bwino. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma suyenera kupirira nkhonya zimene zingapeweke. Nenani pamene pakuthina. Osataya mtima, njira ilipo.

Nanga funso lathu lija? Mkazi wa telala anayang'ana nthawi pa foni mwamuna wake polowa, anayang'ananso potuluka. Zinali mphindi zisanu ndi imodzi.