Mwana wanga ndi msilikali wa eni dziko

Mwana wanga wamwamuna atalowa usilikali kuno ku England, ndinasiya kuonera nkhani pa nthawi ya chakudya. Atsogoleri a mayiko amphamvu akayamba kulozana zala, ine chakudya sichinkatsika. Iwo amaopsezana atakhala pa mipando ya wofuwofu, ana awo ali pabwino. Wokagona kozizira mfuti ili pambali ndi wanga, amene ndinamulera ndekha ku Aston, dera la mu Birmingham, ndi ntchito ya unamwino.

Mnzanga wa kuntchito, mayi wachizungu waimvi, ndiye anandiitanira ku kagulu kawo. Loweruka ankaima pakati pa tauni ya Birmingham atanyamula zikwangwani, kupempha kuti mayiko akambirane m'malo mounjika zida, komanso kuti onse omangidwa chifukwa chokana nkhondo, kaya ndi a mbali iti, amasulidwe. Anali ochepa, ambiri nkhalamba. Ankangoima duu, osaimba ngakhale kolasi imodzi, ndipo zinkanditopetsa, poti kwathu chisoni timachiimba. Komabe ndinkapita. Odutsa ena ankatitukwana kuti tikugulitsa dziko. Ine wobwera, ndigulitse dziko la yani?

Mwanayo atabwera kutchuthi, atatsala pang'ono kutumizidwa kudziko lina lochita malire ndi Russia, anapeza chikwangwani changa kuseri kwa chitseko. Anachiwerenga osachikhudza.

"So you're against us now, Mum?" anandifunsa. Iye Chichewa amamva, koma amayankha Chingerezi.

"Iwe, ndingadane nawe ndinakubereka ndekha?" ndinatero. "Ndimaswapa mashifiti ndi anzanga kuntchito kuti ndikaime pamphepo paja chifukwa cha iweyo. Ndikufuna ubwereko wamoyo."

Anandifotokozera kuti asilikali anzake akadziwa, palibe adzamukhulupirire. Ndi wakuda kale, wobwera kale, ndiye amvenso kuti mayi ake amanyamula zikwangwani? Ndinamumvetsa, ndipo zinandiwawa koopsa. Anandipempha kuti ndisiye. Ndinakana, chifukwa mayi wa msilikali alibe china chogwira: mfuti ilibe khutu, atsogoleriwo sandidziwa. Masiku otsalawo tinkangopatsana moni ngati anthu ochita lendi nyumba imodzi.

M'mawa wonyamuka ndinavala jekete, n'kunyamula kachikwama kake kuti ndimuperekeze kusiteshoni. Kwathu ngakhale wodzapempha mchere umamutulutsa mpaka kumsewu, nanji mwana wako akupita koopsa. Anandilanda kachikwamako mwaulemu, ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsira, n'kunena motsitsa mawu kuti anzake akumudikira kusiteshoniko, ndibwino nditsale.

Ndinafuna kukalipa, pakamwa panga sipachedwa. Koma tsiku limenelo ndinamusiya apite. Ndinaima pakhomo jekete ili m'thupi, ndipo anayenda msewu wonsewo yekha ngati mwana wamasiye, ine mayi ake ndili moyo, ndikumuona.