Mbande ya Peyala pa Ulendo wa ku Chelstone

Ndinachoka ku Kabwata cha m'ma 7 koloko m'mawa, Lachinayi lina la Okutobala, nditafukata mbande ya peyala m'beseni ngati khanda. Mtengo umene unabala mbandeyi anaubzala ndi malemu amayi anga. Mlongo wanga atagulitsa nyumba yathu, wogulayo anaudula kuti amangepo mashopu. Ine ndinatola zipatso zomaliza, nthangala zina n'kuzibzala m'timatumba ta pulasitiki wopangidwa ndi chinangwa, amene amawola yekha akalowa m'nthaka. Zinamera khumi ndi ziwiri. Koma timatumbato tinayamba kung'ambika mvula isanagwe, mizu n'kukhala padzuwa. Mbande zinayi zinali zitafa kale, ndipo ndinkaopa kuti mtengo wa amayi uthera m'manja mwanga.

Wopanga timatumbato anali Ba Mulenga, mphunzitsi wa sayansi wopuma pantchito wa ku Chelstone. Ndinanyamuka ndi mawu okonzakonza oti ndikamuyankhule.

Mu minibasi yopita m'tauni, kondakitala wa imvi zake anayang'ana peyala la m'beseni langa, limene kuno amati kotapela.

"Ba mayo, kotapela yanu nayo izalipila makwacha teni?"

"Ikabala muzabwela kudya," ndinatero, basi yonse n'kuseka. Beseni linayenda ulere.

Pa Kulima Tower tinakhala mphindi makumi anayi kudikira kuti basi ya ku Chelstone idzaze. Ndinagula vitumbuwa viwiri ndi botolo la madzi. Madziwo ine ndinangolawa, ambiri anamwa ndi mbande. Mumsewu wa Great East, titadutsa Northmead, dalaivala anaponda mabuleki mwadzidzidzi ndipo kathumba kanang'ambikiratu. Ndinagwira dothi ndi manja onse mpaka tinatsikira pa thanki yaitali ya madzi ya ku Chelstone, 10 koloko itapitirira.

Ba Mulenga ndinawapeza kuseri kwa nyumba yawo, akutakasa phala la chinangwa m'chidebe. Mawu anga aukali aja anathawa nditaona mmene anagwirira kathumba kong'ambikako, nkhope ili yamanyazi.

"Nalakwa, ba sisita," anatero. "Nenze kufuna vintu vamene viola, manje viola pamene nthawi ikalibe kukwana."

Anandifotokozera kuti dzuwa ndi mpweya zimadya pulasitiki wotere monga zimadetsera peyala lodulidwa. Mankhwala a m'fakitale ochedwetsa kukalambako alipo, koma iwo sankafuna kuwathira m'chinthu chokalowa m'munda. Ankayesa za kumitengo: masamba a tiyi, makoko a malalanje. Zimene zinawasangalatsa koposa zinali nthangala za mapeyala. Ukazisinja n'kuziviika zimatulutsa madzi ofiirira, ndipo madziwo ukawasakaniza m'phala lija, kathumba kamapirira dzuwa nthawi yotalikirapo, koma m'nthaka kamawolabe.

"Vuto ni imozi chabe," anatero. "Makotapela yanasila. Nthangala nizazipeza kuti mu Okutobala?"

Pamenepo ndinakumbukira saka yanga. Nthangala za mtengo wa amayi zimene sindinabzale zinauma m'saka, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditaitulutsa sakayo pageti, poti Lachinayi ndi tsiku la galimoto yotola zinyalala.

Sindinawatsanzike bwino. Mbande ndinawasiyira, n'kukwera takisi ya makwacha handiredi fifite, ine amene ndimakangana ndi wogulitsa tomato chifukwa cha kwacha imodzi. Dalaivala anadulira ku Kabulonga ndi Woodlands pothawa mzere wa magalimoto m'tauni. Tikudutsa mipanda yaitali ndi mitengo yothiriridwa, m'maganizo ndinkangoona amayi akutithamangitsa ndi mthiko tikamagenda mapeyala osakhwima.

Tinafika ku Kabwata 1 koloko. Zinyalala za mumsewu wathu zinali mbwee, ntchentche zili piringupiringu, saka yanga ili pompo pageti. Galimoto ya zinyalala ija sinabwere, monga mwa chizolowezi chake. Kwa zaka zonsezi ndakhala ndikuitukwana, koma tsiku limenelo ndinaidalitsa.

Mawa lake ndinabwerera ku Chelstone ndi sakayo, ndipo patapita sabata mbande zisanu ndi zitatu zinasamukira m'timatumba tatsopano tofiirira. Timatumbato tinapirira mpaka mvula inagwa mu Novembala, pamene ndinabzala mbandezo m'nthaka zili m'timatumba momwemo.

Pa ulendowu ndinaphunzira kuti Ba Mulenga sankalimbana ndi kuwola, ankangofuna kuti kudikire nthawi yake. Amayi nawo sanakhale mpaka kalekale, koma anatigwira mpaka mizu yathu inalimba. Nditafukula mbande imodzi mu Febuluwale kuti ndione, kathumba sindinakapezenso. Ndinapeza mizu yokhayokha, ndipo ndinakhala pansi n'kulira.