Mfuti ya a Fanwell ndi Mvuu ya ku Nkope

A Fanwell Mtalimanja anafika ku Nkope ndi zinthu ziwiri zokha: jekete la usilikali ndi mfuti. Ndi zomwezi anakwatirira mayi Esitere, mtsikana woimba kwaya ku Angilikani. Akuchikazi anaona kuti mkamwini wa mfuti ndi nyama ya tsiku lililonse. Nyamayo akuidikirabe, ena anaidikira mpaka kumanda.

Mfutiyo inali yaifupi, thabwa lake lodulidwa kutsogolo ngati kabudula wa mwana wa sukulu. A Fanwell ankati anawapatsa ndi Mfumu ya ku Mangalande atathamangitsa Ajapani ku Bama. Zoti anaitola m'galaja ya mzungu wa fodya ku Namwera, amene ankasakira agwape asanathawe ufulu, ankazidziwa iwo okha ndi Mulungu. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde n'kumaidzoza mafuta a nsatsi, mpope, mpiringidzo, chilichonse, monga amadzozera mwana wakhanda. Pa tsiku la ufulu ankaguba nayo patsogolo pa amayi a chipani, ndipo anyamata a Yufu sankawafunsa khadi kawiri. Koma kulira kwake palibe anakumva. "Mfuti ya Mfumu siombera nkhwali," ankatero.

Tsono chaka china mvuu inazolowera dimba la mpunga la mayi Esitere. Inkadya ngati yalima nawo.

"Bambo a Dora," anatero mayi Esitere akuwaonetsa mapazi ake, "zaka zonsezi ndadyetsa anthu awiri, inu ndi mfutiyo. Wachitatu sindingathe. Mvuuyi ikadyanso, mutole jekete lanu mubwerere kwanu."

Kwawo kwa a Fanwell kunali kutatsala chitsa cha mango basi. Anatenga zipolopolo zimene anawapatsa mlamu wawo wopuma upolisi, nakabisala kuseri kwa nkhokwe kuti ayese mfutiyo. Anakoka mpiringidzo wa mfuti. Unakana. Anaumenya ndi mpini. Unakana. Anabwerera ali thukuta kamukamu.

"Amake Dora, mfutiyi munaidumpha inu. Mfuti siidumphidwa ndi mkazi."

"Ndidumphe bwanji chinthu chogona pabedi, ine ndili pamphasa?"

M'mawa anaikulunga m'chiguduli nakwera basi ya ku boma. Kumeneko, pakhonde la sitolo ya mmwenye yomwe inatsekedwa, pankasoka telala wina wachisilamu, Che Abudu, amene anamenyadi nkhondo ku Bama ndipo ankakhalira thako limodzi. A Fanwell anali atamuzemba zaka zambiri, chifukwa munthu ameneyu ankakumbukira zinthu mopitirira muyezo.

"Che Fanwell! Mudakali moyo? Fosholo munaisiya kuti?"

"Tsitsani mawu, achimwene. Ndabwera ndi matenda."

Che Abudu anamasula chiguduli, nanunkhiza mfutiyo, nayetsemula. "Mwaiphika kapena? Nsatsi iyi! Zaka zingati mukuidzoza? Yauma mkati ngati ulimbo wa mbalame." Anaiviika m'chitini cha palafini, naipukuta ndi zigamba. Litsiro litachoka pamwamba, pachitsulo panaoneka chidindo cha duwa lozungulira, theka lopalidwa ndi tupa, ndi zilembo zonga mapazi a nkhuku. Telala anasiya kuseka.

"Wallahi. Mwati anakupatsani ndani?"

"Mfumu ya ku Mangalande."

"Mfumu yanuyo inali ndi maso aang'ono, eti? Duwa ili ndi la mfumu ya Ajapani. Ankalipala akamapereka mfuti atagonja, kuti mfumu yawo isachite manyazi. Mlongo wake wa mfuti iyi ndi amene anandidya thako ili."

Kenaka anaonetsa chitsulo chozungulira cha mizeremizere kumbuyo kwa mpiringidzo. A Fanwell ankachiyesa chokongoletsa, ndipo ndi chimene ankachidzoza kwambiri. Che Abudu anachikankha ndi chikhatho, nachipotoza. Kwa! Mpiringidzo unatseguka wofewa ngati chitseko cha kwa DC.

"Loko wake ndi ameneyu. Mfumu yanuyo inaitseka, inu mwakhala mukuguba ndi mfuti yokiya."

Mtima wa a Fanwell unabwerera m'malo. Anatulutsa chipolopolo cha mlamu wawo, nachikankhira mkati. Chinalowa mutu, matako n'kutsala kunja. Anakankhanso.

"Basi, basi, mutipha tonse ndi makina anga omwe! Icho n'cha Angerezi, taonani mkombero wake ngati chipewa cha Ambuye Bishopu. Cha Mjapani chilibe mkombero. Mfuti imeneyi ndi Msilamu, nkhumba ya Mngerezi siidya."

"Nanga zake ndikagule kuti?"

"Ku Japani. Basi yake sindikudziwa imanyamuka liti."

A Fanwell anakhala pansi pa mulu wa zigamba. Mfuti yachira, koma njala yake ilibe mankhwala m'dziko lonse la Malawi. Anafotokoza za mvuu, za mpunga, za jekete. Che Abudu anamvetsera akulowetsa ulusi m'singano.

"Inu ku Bama munkatani? Musandinamize ine, ndinkakhala pa ntchito yanu m'mawa uliwonse."

"Ndinkakumba maenje a chitetezo."

"Zimbudzi, Che Fanwell. Koma zinali zimbudzi zabwino, zoongoka, sajeni ankachita kuitana anzake. Nanga mvuu munaiona ikulumpha dzenje? Miyendo yake ngati mitondo ija?"

Pa za zimbudzizo, telala anati pakamwa pake patsekeka ndi dengu la mpunga woyamba, wa mtundu wa faya, wosasweka.

Mawa lake anthu a ku Nkope anaona zachilendo: a Fanwell atavula jekete, mfuti ili pamsana, akukumba ngalande kuzungulira dimba. Ankakumba ngati munthu wobwerera kwawo, m'mbali moongoka ngati mwadulidwa ndi mpeni. Ofunsa ankawayankha kuti ndi njira ya ku Bama, mdani umayamba wamutsekera pothawira. Atatha anaima pamulu wa dothi, nakankha chitsulo chija ndi chikhatho, nakoka mpiringidzo pamaso pa onse. Kwa-kwa! Amayi otunga madzi anabalalika, wina mtsuko n'kuswa.

Mvuu inabwera, inanunkhiza ngalande, inasiya ndowe m'mphepete monga mwa mwano wake, n'kupita kukadya mpunga wa mkulu wa mpingo. Mudzi wonse unagwirizana kuti yaopa mfuti. Mkulu wa mpingoyo anabwera ndi nkhuku kudzapempha kuti mfuti ikaimeko kwake. A Fanwell anati mfuti ya Mfumu siigwira popanda ngalande, ndipo fosholo ali nayo.

Pokolola, mayi Esitere anapatula dengu la telala osafunsa chifukwa chake. Anaona mwamuna wawo akutenga botolo la nsatsi Loweruka, nawalanda.

"Limeneli ndidzozera fosholo," anatero. "Ndiyo ndinakwatiwa nayo, kungoti sanandiuze."

Jekete linakhalabe pa msomali wake.