Pani wa ku Limbe pa Windo la ku Bolton

Mpaka lero ndikafikisa tsamba lililonse m'zala ndi kulinunkhiza, ndimapezeka m'khitchini ya agogo a Shanta, mayi wachimwenye amene tinayandikana nawo nyumba ku Bolton: ketulo ikulira, nthunzi ikuyenderera pagalasi, iwo atakhala pampando waufupi ndi kambale pamiyendo. Anabadwira ku Limbe. Titangofika mu 2004, anamva amayi anga akundikalipira m'Chichewa pakhomo, natulukira ndi chipande m'manja. "Aa! Anthu akwathu!"

Pawindo lawo, pafupi ndi hita yotenthetsera m'nyumba, panali ndowa ya chomera choyanga pachingwe, cha masamba obiriwira onyezimira, chimene ankachitchula kuti pani. Nthambi yake anaidula pakhonde la malemu amayi awo pochoka ku Malawi, naikulunga m'nsalu yonyowa, ndipo anaisamala zaka pafupifupi makumi atatu. Ankathyola ndi chikhadabo, masamba am'munsi okhaokha. Tsambalo ankalitsuka, kulipaka njereza pang'ono, kuikapo tizidutswa ta mtedza wouma, kenaka kulipinda ndi kuliika m'tsaya. Ine anandilawitsa lopanda kanthu. Mayo, kuyabwa kwake! Anaseka mpaka kutsokomola.

Mu Januwale wina anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chiuno, ndipo ndowa ija inabwera kwathu. "Thoko, madzi ofunda, pang'onopang'ono. Ameneyu ndi amayi anga," anandiuza motero. Amayi anga ine, pokhala namwino, ankachoka m'mamawa, choncho ntchito inali yanga. Ndinali ndi zaka khumi, wodzimva kuti ndimadziwa zonse.

Loweruka lina dzuwa linawala ngati kwathu. Masamba awiri anali atachita chikasu, ndiye ndinaganiza monga aliyense wokulira ku Zomba: mbewu ikafooka imafuna dzuwa. Ndinaikokera ndowa ija kuseri kwa nyumba, ine n'kubwerera kukaonera TV. Pamene amayi ankafika madzulo, chisanu chinali chitagwa kale. Masamba onse anali lende, akuda bii.

"Iwe mwana! Dzuwa la kuno silitentha!" Amayi anagwira m'mutu.

Tinadikira mpaka Epulo kuti mwina chiphuka, koma ayi ndithu. Agogo anali atatuluka kale m'chipatala, ndowa ija titawabwezera, ndipo ine ndinkawazemba, chifukwa cha manyazi. Tsiku lina anandiitanitsa. Ndinawapeza akufukula dothi la m'ndowa ndi chala, akuyankhula motsitsa m'chinenero chawo, misozi ili m'masaya. Ndinapepesa m'Chingerezi, poti masiku amenewo Chichewa ndinkachita nacho manyazi.

"Zachizunguzo ayi," anatero. "Masamba ndigula kusitolo, ngakhale sakoma. Koma m'mawa uliwonse ndinkacheza ndi chomerachi m'Chichewa kuti ndisaiwale. Ana anga sachimva. Tsono ndizicheza ndi yani?"

Anadziyankha okha, akundiloza ndi chala.

"Ndi iweyo. Ukaweruka kusukulu uzibwera. Khala apo."

Ndinapita tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, mpaka pamene anatisiya. Za chisanu chija sanazitchulenso ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira. Anzanga ambiri amene tinakulira limodzi kuno Chichewa amangomva, kuyankha sangathe. Changa chinatsala chifukwa ndinapha chomera cha agogo a Shanta, iwo n'kundikhazika ine pamalo pake.